Kadontho ka Mkamwini

Mtembo ndinausiya pansi pa mlatho m'manja mwa sajeni wanga, ine n'kukwera galimoto kupita kwa amoyo. Pa ntchito yanga ya upolisiyi akufa sandivuta. Amene amandidwalitsa mutu ndi amoyo, makamaka amoyo opemphera.

Womwalirayo anali mayi wachitsikana, namwino, mmodzi wa gulu lomwe linali pa ulendo wa pansi wopita kukapemphera ku phiri lopatulika. Anamupeza m'mawa womwewo ndi bambo wina wokonza matayala pafupi ndi siteji ya basi. Anali chafufumimba pamiyala, bala kunkhongo, zala za munthu zitadinda pakhosi. Pa renikoti yake yobiriwira panali nambala ya mtsogoleri wa gululo, ndiye wamatayalayo anaimbira mtsogoleriyo kaye, ife pambuyo. M'kachikwama kake munali zovala, mapepala a ntchito ndi mswachi. Foni munalibe. Munthu wa masiku ano kuyenda wopanda foni? Chimenecho chinandikhala pamtima njira yonse.

Gulu ndinalipeza pa holo ya sukulu ina kuseri kwa chitunda, pomwe limayenera kupuma masana. Ndisanazimitse n'komwe injini ndinamva phokoso.

"Mtulutseni! Mtulutseni timuphunzitse!"

Anthu anali ataunjikana pa chitseko cha kachipinda kosungiramo matsache. Ndinadzipanikiza pakati pawo ndi mnzanga wa yunifolomu. Fungo lake, mayo! Thukuta, masokosi onyowa, mankhwala opaka pa matuza. Aliyense dzanja limodzi ndodo yoyendera, dzanja linalo foni m'mwamba, kundijambula.

"Amene aponye nkhope yanga pa intaneti akagona kupolisi," ndinatero.

Palibe amene anatsitsa foni. Wina anachita kundisendezera yake pamphuno.

Kenaka panatulukira bambo wamtali wa imvi, tabuleti ili lende pakhosi. Onse ankawatcha Atcheya.

"Mwachedwa, mayi wapolisi," anatero. "Nkhani tamaliza kale. Wakupha ndi dalaivala wathu wonyamula katundu, ali mommo. Mutengeni, ife tikufuna tipitirize ulendo dzuwa lisanapendeke."

Ndinayang'ana chitsekocho. Chinali cha matabwa ofumbwa, loko wake wogwira pa misomali iwiri. Ndinayang'ananso ndodo zija. Ndikanamutulutsa munthuyo pamenepo, sakanafika pagalimoto yanga ali ndi mpweya. Ndipo akanati afike, bwana wanga akanamukhomera mlanduwo tsiku lomwelo, chifukwa mboni zinali holo yonse. Ndinauza mnzanga uja kuti aime pachitseko ndipo asasunthe ngakhale amulavulire.

"Atcheya, ndani anaona dalaivalayo akupha?"

"Sitifunika maso ife. Tili ndi ichi."

Anandigwirira tabuleti ija monyada. Panali mapu, pamapupo timadontho tambirimbiri, kalikonse ndi dzina lake. Anati aliyense wa pa ulendo anaika pulogalamu imeneyi m'foni mwake. Foni ikamayenda, kadontho kamayenda, ndipo achibale otsala kunyumba amaona pamene wafika, n'kumatumiza maameni pa gulu la pa foni.

"Lero unali m'mawa wa chete," anapitiriza ngati akundiphunzitsa sitandade wani. "Ndi lamulo la gulu lathu. Kuchokera pomwe tinagona mpaka pano palibe kuyankhula, palibe kucheuka, palibe kugwira foni. Aliyense payekha, maso pansi, mpata waukulu pakati pa iwe ndi mnzako. Foni imakhala yoyaka koma yosalira."

"Ndipo kunali mvula, nonse m'marenikoti ofanana."

"Tinagulira pamodzi. N'zadongosolo."

"Ndiye kuti palibe amene anaona mnzake."

"Mapu anationa tonse! Onani. Timadontho tonse tinakwera njira ya m'chitunda. Amene anadzera msewu wa tala, wodutsa pa mlatho, ndi dalaivala yekha. Kadontho alibe, anakana. Mpango wa malemu taupeza pampando wa galimoto yake. Mukufunanso chiyani?"

"Ndionetseni kadontho ka malemu."

Anapukusa mutu ngati ndafunsa zopusa, n'kuyendetsa chala pagalasi. Chalacho chinaima. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Kali pano," anatero chapansipansi.

"Pano pati?"

"M'holo muno. Kanakwera chitunda ndi gulu."

"Ndiye mukundiuza kuti mayiyu wayenda m'mawa wonse, wafika pano bwinobwino, pamene thupi lake lili gone pansi pa mlatho?"

Atcheya anayang'anitsitsa mapu aja. Kwa nthawi yoyamba ankaigwira tabuleti ija ngati yatentha.

* * *

Dalaivala ndinamupeza atakhala pa ndowa yovundikira, mlomo utang'ambika, diso limodzi litatsekeka. Anali munthu wa thupi, wonunkha dizilo ndi fodya.

"Bwana, mwabwera kudzanditenga kapena kudzandimalizitsa?"

"Zitengera pakamwa pakopo. Malemu uja unamunyamula?"

"Ndinamunyamula, ndikanirenji? Ndikupakira matenti m'mawa, iye uyu. Akuti achimwene, ndisiyeni pa siteji ya basi, musauze munthu. Ndinati mlongo, anzanu akupita kumwamba wapansi, inu mukuthawa? Sanaseke. Anangovula mpango kuti afinye madzi, ndiye ndinaona kuseri kwa khutuku. Kuda bii, bwana. Si kugwa kumene kuja."

"Anati wamumenya ndani?"

"Sanatchule. Koma mkazi akamakhala chocheukacheuka m'galimoto, sathawa apongozi. Anati kunyumba amamutsekera geti, kuntchito amamuperekeza, ulendo uno wokha ndi umene anamulola kutuluka. Anati foni yake ndi chingwe cha mbuzi, kulikonse kumene wapita mwini wake amangokoka."

"Foniyo anali nayo?"

"Ayi. Anati waisiya poti iziyenda yokha. Ine sindinamvetse, za mafoni apamwambazi sindizidziwa. Yanga ndi iyi." Anatulutsa kafoni ka mabatani komanga ndi labala. "Ndiye poti kadontho ndilibe, kwa oyerawa ndine satana. Katundu wawo ndinyamule ine, madzi ndiwatungire ine, koma chikaonongeka chinthu, dalaivala."

"Pa siteji panali ndani?"

"Palibe. Mvula yokhayokha. Ndinamusiya pansi pa kadenga, wamoyo, akundibayibitsa. Mpango anaiwala pampando." Anapukuta mlomo wong'ambika uja. "Ndikanadikira basi ibwere, bwana. Koma Atcheya amakalipa matenti akachedwa."

Panja ndodo inagunda chitseko, fumbi n'kuyoyoka kudenga. Mnzanga anakuwa kuti abwerere m'mbuyo.

"Ndili ndi ana," dalaivala anatero. "Asaonere pa foni bambo wawo akuphedwa. Chokhacho."

* * *

Mwamuna wa malemu sindinachite kumufunafuna. Anali pa nsanja ya holo, foni ataiimika pa desiki, akuyankhula ndi dziko lonse. Ndiye ankayimbitsa nyimbo pa ulendowo, ndipo anali ndi anthu ochuluka omutsatira pa tsamba lake. Ankamutcha Woyimbitsa. Misozi inali mbwee, mawu osalala ngati a wailesi.

"Abale anga amene mukuonera, mdani wandilanda nthiti yanga. Lembani ameni. Gawirani ena."

Ndinaigwetsa chafufumimba foniyo pa desiki.

"Mayi, ndili laivu!"

"Mwatsika."

Anandiyang'ana kamphindi kochepa ndi maso ouma gwa, kenaka nkhope ija ya maliro inabwerera. Ndinaona kuti anzake onse anavula marenikoti n'kuwayanika m'mawindo, koma iye anali chivalire yake, manja ake atawakokera mpaka m'zala.

Pansi pa nsanjapo panakhala mayi wachikulire, mapazi otupa ali m'beseni la madzi, chikwama chachikulu chakumsana atachitsamira. Anali mayi ake a malemu. Sanali kulira. Ankangoyang'ana chitseko chija ngati akufuna kuchiboola ndi maso.

"Atcheya, imbani foni ya malemu," ndinatero.

Anaimba. M'holo munali phokoso, koma ine ndinali nditagwada pafupi. Chikwama cha mayi aja chinayamba kunjenjemera.

Mayiwo anachikumbatira msanga. "Musagwire katundu wanga!"

"Mayi, foni ya mwana wanu ikutani m'chikwama mwanu?"

"Anandipatsa yekha! Mlandu? Anati mwendo wamuvuta, akwera galimoto ya katundu, tikakumana kuno. Anati ndimusungire foni kuti Atcheya asaone kuti wakwera galimoto. Ndiye chigawenga chija chinamupezerera ali yekha. Inu m'malo mochimanga mukufufuza zikwama za anamfedwa. Manyazi mulibe?"

"Munauzako ndani kuti wakwera galimoto?"

"Palibe."

Anayankha mofulumira kwambiri, maso ali m'beseni.

"Ukwati wawo unali bwanji?"

"Mukufuna kunena chiyani? Mkamwini wangayu ndi mwana wanga, kuposa amene ndinabereka. Mwana wanga anali wa khosi louma, ine ndimamudziwa. Akabwera kudzadandaula ndinkamubweza, ndinkati pita ukapirire, mwamuna wopemphera chonchi ukamupeza kuti? Lero lomwe lino, amene anandisenzetsa chikwamachi m'mawa ndani? Iyeyu. Anandimangira zingwe bwinobwino kuti chisandipweteke. Ndikufika pano, miyendo itatha, amene anandithamangira kudzanditula ndani? Iyeyu. Inu amuna anu anayamba awachitirapo zimenezo amayi anu?"

Zinandibaya, chifukwa wanga anachoka kalekale, koma ndinameza. Ndinatembenukira kwa Woyimbitsa.

"Inu munali kuti m'mawa wonse?"

"Mapu akuyankheni, mayi," anatero mofatsa. "Atcheya, aonetseni. Ine masiku onse ndimakhala kutsogolo, koma lero Mzimu unandiuza kuti nditsalire, ndiperekeze apongozi anga. Ndinayenda kumbuyo kwawo kuyambira poyambira mpaka pano."

Atcheya anandionetsa. Zoonadi, kumchira kwa gulu kunali timadontho titatu toyenda pamodzi: ka mayi, ka malemu, ka Woyimbitsa.

"Mayi, munamuona?"

"Pa chete sitimacheuka. Koma ndinkamumva mumtima kuti mwana wanga ali kumbuyoku."

"Nanga inu bambo, poti munali kumbuyo, patsogolo panu munkaona marenikoti angati? Imodzi kapena awiri? Simunadabwe kuti akazi anu sakuoneka?"

"Maso anga anali pansi. Ndinali m'pemphero." Anamwetulira pang'ono. "Kapena kupolisi simudziwa kuti pemphero n'chiyani?"

Anthu amene anatizungulira anang'ung'udza movomereza. Mayi wina anati ndine wotumidwa ndi mdyerekezi. Ku chitseko kuja kunamveka thabwa likuthyoka.

* * *

Pa gulu lililonse pamakhala mmodzi amene lamulo limamuyabwa. Ndinapita kukamufuna pomwe pamathera anthu otere: pa soketi.

Holo yonseyo inali ndi soketi imodzi yogwira ntchito, pakona. Anali atalumikizapo ma ekisitenshoni motsatizana, mafoni ali mbwerekete pansi ngati ana a nkhumba pa mawere. Pambali pake panakhala mayi wina wa zikhadabo zazitali zofiira, nsidze zojambula, akulondera foni yake. Ameneyu anali mwini saluni, ndipo pamene anzake ankafuna magazi, iye ankakangana ndi mtsikana wina za tchaja.

"Ndazula yako chifukwa yanga ndi ya bizinesi, wamva? Iwe amakuonera ndani?" Atandiona anasintha mawu. "Aaa, bwana. Koma tsitsi lanulo mumakonzetsa kuti? Akukulakwirani."

"Munajambula chiyani m'mawa uno?"

"Ine? Pa chete? Mulungu andione! Foni inali m'thumba, ine ndi Ambuye basi."

"Tsamba lanu dzina lake ndani?"

Ananditchulira monyadira asanaganize. Ndinalitsegula pa foni yanga. Pamwamba penipeni panali vidiyo ya m'mawa womwewo, mutu wake wakuti *Ndili pa chete, osandisokoneza*, ndi timitima tofiira mazanamazana.

"Imeneyo ndi yaifupi," anatero. "Makasitomala amafuna kudziwa kuti ndili moyo. Musawauze Atcheya, amandida kale."

"Ndipatseni zonse, ndi zomwe simunaponye."

"Foni yanga sagwira munthu."

"Ndiye tikaigwirira kupolisi, ikakhala kumeneko mpaka mlandu udzathe. Milandu yakupha imatenga zaka."

Anandiponyera m'manja, akutukwana chamumtima.

Mavidiyo analipo ambiri, onse a nkhope yake. Apa akupukuta mvula pa nsidze, apa akupsompsona mpweya, apa akuonetsa matope ofiira pa nsapato. Chifukwa choimaima kudzijambula anatsalira kumbuyo kwa gulu. Ine nkhope yakeyo sindinaiyang'ane. Ndinkayang'ana pamwamba pa phewa lake.

Kumbuyo kwake, chapatali, kunkabwera munthu mmodzi wowerama, chikwama chachikulu kumsana, akutsimphina ndi ndodo. Kumbuyo kwa ameneyo njira inkaoneka yonse mpaka kumunsi kwa chitunda. Inali mbee.

Ndinatsegula ina. Chimodzimodzi. Ina, pa mtengo wina wopsa ndi mphezi: munthu wa chikwama uja akuima, akuyang'ana uku ndi uku, akupatuka kulowa m'tchire.

"Amayi aja m'mimba munawavuta," wa saluni anatero. "Ndinaidula imeneyo, imaononga chithunzi."

Ndinathamanga ndi foniyo kwa Atcheya. "Bwezerani mapu m'mbuyo. Pa mtengo wopsa uja. Kulitsani."

Anakulitsa. Pamenepo mizere itatu inapatuka pa njira, n'kulowa m'tchire pamodzi, n'kuima malo amodzi, n'kubwerera pamodzi.

Nthawi yomweyo loko wa chitseko chija anagwa pansi.

* * *

Ndinakwera pa desiki n'kumenya ndodo ya munthu wina pa bolodi mpaka holo yonse inatembenuka. Mnzanga anali atatambasula manja pakhomo, chipewa chitagwa, kumbuyo kwake dalaivala atadzipanikiza kukona.

"Mukufuna wakupha?" ndinakuwa. "Bwerani kuno, ndikupatsani. Ndipo jambulani, poti ndiye ntchito yanu."

Anabwera, mokayika, ndodo zili m'manja. Ndinatsika n'kuima pakati pa Woyimbitsa ndi apongozi ake.

"Bambo, mwati simunawasiye mayiwa ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale phazi limodzi."

"Pa mtengo wopsa, mayiwa anapatuka kukadzithandiza. Inu munatani?"

Anaphethira. "Ndinadikira panjira."

"Kadontho kanu sikanadikire. Atcheya, kwezani tabuletiyo aone. Kanalowa nawo m'tchire, n'kukaima pomwe anakhala iwo. Ndiye tiuzeni, munawatsatira apongozi anu kuthengo?"

Wina anaseka mwangozi n'kudzigwira pakamwa. Mayi aja anatulutsa mapazi m'beseni, madzi n'kukhavukira pansi.

"Mwati chiyani? Mkamwini wanga kunditsatira ine kuthengo? Mukunditukwana! Ndinayang'ana mbali zonse ndisanalowe, panalibe munthu!"

"Panalibe munthu," ndinabwereza. "Mwamva nonse. Anacheuka, ndipo kumbuyo kwawo kunalibe munthu."

Mayiwo anatembenukira kwa mkamwini wawo.

"Netiweki imanama," Woyimbitsa anatero. Mawu a wailesi aja anali atayamba kuuma. "M'mapiri muno timadontho timadumphadumpha."

"M'mawa uno sinali kunama pamene inkakupulumutsani." Ndinakweza foni ya wa saluni. "Onani vidiyo iyi. Mayiwa ndi awa. Pamapu pamenepa pali anthu atatu. Wachiwiri tikudziwa kuti anali foni m'chikwama. Wachitatu ali kuti?"

Foniyo inayenda m'manja mwa anthu. Phokoso linayamba kuzilala kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo.

Ndinagwada pafupi ndi mayi aja. Mkwiyo wanga pa iwo unali utatha, ndinangowamvera chisoni. "Mayi, m'thumba la m'mbali ili mumaikamo chiyani?"

"Palibe. Zipi yake ndi yolimba, zala zanga siziitha."

Zipiyo inali yotseguka theka.

"Foni ya mkamwini wanu inayenda m'thumba limeneli. Anakusenzetsani m'mawa. Anakutulani masana. Munandiuza nokha."

Anayang'ana zipiyo nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana mkamwini wawo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nanenso ndinayang'ana komweko. Aliyense m'holomo anali ndi matope ofiira a m'chitunda mpaka m'mawondo. Nsapato za Woyimbitsa zinali zonyowa, koma zakuda bwinobwino.

"Amayi," iye anatero, "musamvere anthu akunja. Mukundidziwa ine."

"Ndinakuuza," mayiwo anayankhula ngati akulota. "Pamene unkandimangira zingwe. Unandifunsa kuti mkazi wanga ali kuti, sindikumuona. Ine ndinati usadandaule mwanangu, wakwera galimoto, foni wandisungitsa. Unati zikomo amayi, mwachita bwino kundiuza." Mawu awo anakwera. "Unati zikomo!"

"Vulani renikoti, bambo," ndinatero.

"Ndikumva kuzizira."

Mnzanga anali atafika kale kumbuyo kwake. Anaikoka kuchokera m'mapewa. Mikono yonse iwiri, kuyambira pa mfundo ya dzanja mpaka m'chigongono, inali ndi mikwingwirima ya zikhadabo, ina ikadali yonyowa. Namwino uja sanapite mwaulemu.

Zotsalazo sizinali zovuta kuziona. Atamva kuti mkazi wake wakwera galimoto n'kusiya foni, anadziwa kuti akuthawira ku basi. Pomwe gulu linagona sipanali patali ndi mlatho ukadzera msewu wa tala. Munthu wa miyendo ngati yake akanathamanga n'kumupeza mkaziyo basi isanabwere, kenaka njinga yamoto n'kumutula kuseri kwa sukulu gulu lisanatsike chitunda. Wa njingayo sajeni wanga anadzamupeza tsiku lomwelo.

"Anali mkazi wanga," Woyimbitsa anatero, tsopano ndi mawu ake enieni, okhadzula. "Amafuna andichititse manyazi pamaso pa anthu onse amene amanditsatira? Ndikanawauza chiyani?"

Ndodo yoyamba inamupeza paphewa. Inali ya bambo yemweyo amene anathyola loko.

Ndinadziponya pakati. Ndodo ina inanditera pamsana, ina pakhutu, ndipo ndinatukwana mawu amene sindingawalembe pano. Anthu omwewo, ndodo zomwezo, mafoni omwewo m'mwamba, angosintha chitseko. Tinamukoka ndi mnzanga mpaka pagalimoto, unyolo uli m'manja, n'kumukankhira kumbuyo. Kunena zoona, sindinamuteteze chifukwa chomukonda.

* * *

Nditabwerera m'holo kudzatenga mafoni atatu aja ngati umboni, ndinapeza anthu atakhala m'timagulu, aliyense maso pa foni yake, akufufuta zimene analemba za dalaivala. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapita kukamupepesa. Atcheya anali atavula tabuleti pakhosi n'kuiika pansi pa mpando. Wa saluni ankanditsatira kufunsa ngati dzina la saluni yake lidzatchulidwe kukhoti.

Dalaivala anali panja, akutsuka mlomo pa mpopi. Galimoto yanga inali ndi wamlandu, ndiye ndinamupempha kuti atitengere mayi aja ku chipatala kumene anapititsa mtembo. Ndinkayembekeza kuti akana, ndipo sindikanamuimba mlandu. Anangopukuta manja pa buluku n'kukatsegula chitseko cha kutsogolo.

Mayiwo anatuluka opanda nsapato. Chikwama anachisiya pomwe chinali. Mtsikana wina anawathamangira nacho, iwo anabweza manja kumbuyo ngati akuwapatsa njoka.

"Chitayeni. Ndamubereka chitunda chonse wondiphera mwana."

Foni ya malemu inali m'thumba la pulasitiki m'manja mwanga, ikuthwanimabe. Achibale akunyumba amene uthenga unali usanawafike ankalemba pa gulu: *Taona mwafika bwino nonse atatu. Ameni.* Ndinaitembenuza kuti asaone.

Anakhala pampando womwe anakhala mwana wawo m'mawa. Ine ndinadzipanikiza pambali pawo. Tinayenda mpaka sukulu inabisika. Kenaka, osamuyang'ana, anafunsa dalaivala uja amene ankafuna kuti aphedwe.

"Bambo, m'galimoto muno ananenapo za ine?"

Dalaivala anayang'ana kwa ine. Ndikanatha kumupukusira mutu, koma sindinatero.

"Ananena, mayi."

"Anati chiyani?"

"Ndinamufunsa kuti simukuopa kuti akutsatirani? Iye anati ayi. Anati amene akudziwa ndi mayi anga okha, ndipo mayi anga sangandigulitse."